Zipsera zinayi pa mtengo wa mango

Mwezi wa Marichi ukakwana, anthu a ku East Bank m'boma la Nsanje amakumbukira Namondwe Freddy wa mu 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno.

Pafupi ndi Makhanga pali agogo ena aamuna amene mbiri ya madzi osefukira anailemba ndi chikwanje pa mtengo wa mango wa pabwalo pawo. Anatema pamene madzi analekezera mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023. Zipsera ziwiri zili m'chiuno ndi pachifuwa. Zinazo amachita kuloza ndi ndodo. Mumtengo momwemo anagonamo masiku awiri nthawi ya Freddy, atamangirira mdzukulu wawo kunthambi ndi chitenje, mbuzi zikudutsa pansi miyendo ili m'mwamba. Akuti kale mtsinje wa Ruo unkachenjeza, unkakwera pang'onopang'ono mpaka munthu kusamutsa mbewu ndi ziweto. Masiku ano umafika usiku umodzi.

Chomwe chaukwiyitsa mtsinjewu n'chiyani? Apa ndiye anthu sagwirizana. Agogowa amaloza kumtunda: makala, mapiri ometedwa mpala, madimba olimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Dothi lokokoloka lakwirira mtsinje, ndipo mtsinje wosaya suchedwa kusefukira m'midzi. Sakunama. Koma akatswiri a zanyengo amawonjeza china. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi, umasunga chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo anamondwe ochokera m'nyanja ya Indian yofunda amabwera atasenza madzi ambiri. Mvula imene inkagwa mwa apo ndi apo imakhuthuka pa phiri la Mulanje m'masiku awiri atatu, yambiri n'kutsikira mu Ruo nthawi imodzi. Ikafika pa Chiromo imapeza Shire atadzaza kale.

Ine ndikuona kuti amene akuti kubzala mitengo kokha kuthetsa vutoli akuwanamiza anthu a kuchigwa. Mitengo ndi yofunika ndithu, imachedwetsa madzi ndi kugwira dothi. Koma dothi likakhuta, mvula yotsalayo imangothamanga, ndipo milatho ndi madaiki omangidwa poyerekeza ndi madzi akale akuchepa.

Pamene tinkatsanzika agogo aja, ana a pamudzipo anali pa mtengo uja akupimana msinkhu. Wamtali mwa onse anangofika pa chipsera chachiwiri.