Kawindo ka padenga: kuwala kwaulere, koma felemu ikhale yolimba

Amalonda ambiri m'misika ya m'tauni akuboola denga la okala n'kuikapo lata loonekera kuti mkati muziwala ngakhale magetsi atathima. Nzeru yabwino, ine sindikutsutsa. Koma kudontha kumayambira pa felemu yomwe latalo lakhalapo, ndipo pansi pake pali ufa, shuga ndi zitenje zanu za ngongole.

Akalipentala omwe ndacheza nawo akuti felemuyo itukuke masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa denga kuti madzi azilambalala. Thabwa la paini losathira mankhwala musayerekeze. Likamwa madzi a Januwale limafufuma n'kuola, chiswe n'kudzamaliza. Gulani lothira mankhwala, lobiriwira lija, kenaka mulikute ndi lata lagalavanaizi. Apa ambiri amapusitsidwa ndi nambala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa 32. Wogulitsa akakuuzani kuti 32 ndiye yolimba poti nambala ndi yaikulu, bwezani ndalama m'thumba, aise.

Lata loonekeralo nalo lili mitundu. Fibreglass ndi yotchipa, koma dzuwa la Okutobala likaiwamba zaka zingapo imasanduka yachikasu n'kuyamba kuthetheka. Polycarbonate imapirira, bola mbali yoteteza ku dzuwa iyang'ane kumwamba. Mabowo ake akhale okulirapo pang'ono kuposa misomali, chifukwa imafutukuka kukatentha.

Msomali ukhale wa labala, ndipo ukhomedwe pamsana pa lata, osati mumsewu wa madzi. Phula lomatira limang'aluka ndi dzuwa, ndiye kwerani mukaone Novembala asanafike.