Dzino likawawa ku Feira, alipire ndani?

Pa Luangwa Bridge, pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu kwa apaulendo a mu mseu wa Great East, nthawi zina mumaona munthu atamanga citenje kuzungulira cibwano, tsaya litatupa ngati walumidwa ndi njuci. Wacokera ku midzi ya kwa Mphuka kapena kwa Mburuma, ndipo ayembekeza galimoto ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 200. Ndalama ya ulendo yacokera m'mphasa zimene analuka, kapena m'mbuzi imene anagulitsa motaya. Cimene camutulutsa m'mudzi ndi dzino limodzi cabe.

Mu April 2006, boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipilo m'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma a kumidzi, ndipo mu 2012 lamulo limeneli linafika m'dziko lonse. Anthu anakondwera, ndipo m'pomveka. Mwana wa malungo apimidwa ndi kulandira mankhwala popanda atate ake kufunsidwa ngwee. Koma cipatala sicingapereke mwaulere cinthu cimene ilibe. M'makiliniki ambiri a kumidzi mulibe wophunzira za mano, mulibe mpando wake, mulibe zida. Namwino acita zimene angathe: apereka Panadol ndi mankhwala a kutupa, nalemba kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu, monga ca Misyoni ya Katondwe kapena ca pa Boma. Kwa munthu wa kutali, kalatayo itanthauza ndalama ya njinga yamoto, cakudya ca pa njira, ndi masiku osapita ku dimba pamene njobvu sizipuma.

Ndiye cifukwa cake ambiri amapirira. Ena aika fodya wa m'mphuno pa dzino, ena aphwanya aspirini pa nkhama, ndipo pali ena amene amafika pothirapo madzi a m'batire ya galimoto, amene amaocha m'kamwa. Pofika kwa dokotala, dzino limene likanamatidwa lakhala lozula basi. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti mankhwala a dzino ndi kuzula. Si conco ai. Kabowo kakali kang'ono kamatsukidwa ndi kumatidwa, dzino n'kugwira nchito zaka zambiri.

Ena anena kuti inshuwalansi ilipo. Zoonadi, lamulo la 2018 linakhazikitsa NHIMA, imene inayamba nchito mu 2019, ndipo cithandizo ca mano cili pa mndandanda wake. Wa pa nchito ya malipilo a pa mwezi amadulidwa 1 peresenti, womulemba nchito naye aikapo 1 peresenti. Nanga mlimi wa mapira, kapena msodzi wa pa Zambezi, amene ndalama amaiona pa nyengo yake cabe? Aloledwa kulembetsa, inde, koma m'caka ngati 2024, pamene cilala cinaocha minda mpaka boma kucilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndani akanasiya thumba la ufa kuti asonkhe ya inshuwalansi? Ndiponso khadi m'thumba silimata dzino ngati womata ali kutali.

Otsutsa ali ndi mfundo yao. Thumba la boma ndi limodzi, ndipo malungo, azimai apakati ndi ma ARV onse adya m'menemo. Koma palibe amene apempha mano a golide. Cofunika n'cocepa: kupima, kumata, kuzula pamene palibe njira ina, ndi kuciritsa mafinya. Mu 2021, bungwe la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pamodzi ndi comatira cochedwa glass ionomer, pa mndandanda wa mankhwala osayenera kusowa. Comatira cimeneci cimaikidwa ndi tizida ta m'manja, popanda magetsi, conco wophunzira za mano wocokera ku Dental Training School ya ku Lusaka angacigwiritse nchito pa kiliniki iliyonse, ngakhale m'kalasi ya pa sukulu.

Ife tiona kuti boma liyenera kulipirira zimenezi aliyense, wa khadi ndi wopanda khadi, ndi kutumiza wa mano kuzungulira makiliniki a m'boma lino pa masiku odziwika, monga mmene acitira ndi sikelo ya ana. A m'makomiti a zaumoyo m'midzi angayambe kufunsa makhansala ao za tsiku lotere.

Pakali pano, abale, musacedwe ndi kutupa. Ngati kwatsikira kunsi kwa cibwano kapena m'khosi, munthu nalephera kutsegula pakamwa kapena kumeza, mafinya angatseke njira ya mpweya ndi kupha m'masiku ocepa. Wotere anyamulidwe tsiku lomwelo, ngakhale usiku.