Makalata a Augustine wa ku Hippo

Ambiri amene adamvapo za Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo, umene lero ukutchedwa Annaba m'dziko la Algeria, amamdziwa chifukwa cha mabuku ake akuluakulu, amene anthu ophunzira akhala akuwasanthula kwa zaka zoposa 1,500. Koma iye amene afuna kuona mtima wa munthuyo, ndi kuzindikira umo adali kuphunzitsira, ayenera kutembenukira ku makalata ake, amene pamodzi ndi ena amene anzake adamlembera afika pafupifupi 300. Mwa iwo timaona mwamuna amene, ngakhale adali wolemedwa ndi milandu ya mpingo, sadaleke kuyankha munthu aliyense monga mwa msinkhu wake ndi chosowa chake.

Masiku amenewo munthu wamba adalibe positi. Kalata inkadikira wapaulendo wokhulupirika, kaya dikoni kaya bwenzi, ndipo ikakhala yowoloka nyanja inkadikiranso nyengo yabwino ya zombo, kotero kuti funso lofunsidwa chaka chino linkatha kuyankhidwa chaka chamawa.

Mwa oyamba kulemberana naye padali Nebridius, bwenzi la pa unyamata, amene adali naye ku Milan, kumene Augustine adabatizidwa m'chaka cha 387. Atabwerera onse ku Africa, Nebridius adakhala pa munda wa kwawo pafupi ndi Carthage, ndipo kumeneko adayamba kutumiza mafunso osaleka: maloto amalowa bwanji mwa munthu wogona, chikumbumtima cha zinthu zakale chimasunga chiyani, ndiponso chifukwa ninji Mwana yekha ndiye adavala thupi, pamene Atate, Mwana ndi Mzimu agwira ntchito pamodzi. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo Nebridius sadali wotero. Iye ankadana ndi yankho lalifupi pa funso lalikulu, ndipo Augustine, pomkonda, ankamyankha mofatsa, kufikira imfa idamtenga mnzakeyo akali mnyamata.

Koma si onse ofunsa adalandira kufatsa kumeneko. Wophunzira wina dzina lake Dioscorus, ali pafupi kukwera chombo, adatumiza mulu wa mafunso okhudza mabuku a Cicero, naulula kuti ankaopa kuoneka mbuli pamaso pa anthu. Augustine adamdzudzula kolimba, pakuti adaona kuti mnyamatayo sadali ndi ludzu la choonadi koma la ulemu. Komabe, atatha kumdzudzula, adamlembera kalata yaitali ndithu, namuonetsa kuti njira ya ku nzeru iyamba ndi kudzichepetsa. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene mphunzitsi woona adziwikira, popeza kukalipa kokha n'kwapafupi, ndipo ambiri a ife tikadathera pomwepo.

Ndi Jerome wa ku Bethlehem zinthu zidavuta. Jerome adalemba kuti pamene Paulo adatsutsa Petro ku Antiokeya, monga tiwerenga mu Agalatiya, awiriwo adachita chiphamaso chabe. Augustine adakana, nati ngati tilola bodza limodzi m'Malembo, palibe tsamba limene lidzakhulupirikenso. Kalata yake yoyamba sidafike konse, ndipo yachiwiri, ya m'chaka cha 397, idayendayenda m'manja mwa anthu ku Italy mwini wake asadaione, kotero kuti Jerome, amene adali wamkulu m'zaka ndiponso wosachedwa kupsa mtima, adayesa kuti mnzakeyo afuna kutchuka pomnyoza. Padapita zaka zambiri asadamvane, koma Augustine, ngakhale adapepesa ndi ulemu wonse, sadasinthe maganizo ake pa nkhaniyo.

Mzinda wa Roma utagwa m'manja mwa Alaric m'chaka cha 410, mayi wamasiye wolemera kwambiri, Proba, adathawira ku Africa, nafunsa Augustine umo ayenera kupempherera. Yankho lake lidali lakuti pemphero ndilo kulakalaka kwa mtima kosalekeza, kuti kuchuluka kwa mawu sikuwonjezera kanthu, ndi kuti chilichonse choyenera kupempha chili kale m'Pemphero la Ambuye.

Koma kalata imene indigwira mtima koposa zonse ndiyo ya kwa Sapida, namwali wodzipereka kwa Mulungu, amene mlongo wake Timothy, dikoni wa ku Carthage, adamwalira asadavale malaya amene iye adamuwombera ndi manja ake. Sapida adatumiza malayawo kwa Augustine, nampempha kuti awavale. Bishopuyo, amene sankakonda kulandira zovala zoti zikhale zake yekha, adawalandira kuti asawonjezere chisoni pa chisoni, ndipo pamene ankalemba kalatayo adali atayamba kale kuwavala. Sadamletse kulira, popeza Ambuye mwini adalira pa manda a Lazaro. Adavomera kuti n'kowawa kusamuonanso mlongo akulowa ndi kutuluka, ndi kusamvanso mawu ake. Ndipo atatero m'pamene adamkumbutsa kuti asalire monga iwo amene alibe chiyembekezo. Munthu amene adalemba za Utatu Woyera m'mabuku 15 sadayese chinthu chochepa kuvala malaya a womwalira kuti atonthoze mlongo wa malemuyo.

Augustine adamwalira pa 28 Ogasiti 430, adani atazinga mzinda wake, koma makalata ake adapitirira kutulukira. M'chaka cha 1981 katswiri wa ku Austria, Johannes Divjak, adasindikiza ena amene adawapeza m'nyumba zosungira mabuku ku France, ndipo imodzi mwa iwo ifotokoza za amalonda amene ankaba anthu m'midzi ndi kuwakweza m'zombo kukawagulitsa ukapolo, ndi umo akhristu a ku Hippo adawombolera anthu pafupifupi 120.