Malume amene anakakhala ku Paris

Mkangano wa m'buku la Fyodor Dostoevsky, The Brothers Karamazov, lomwe analimaliza mu 1880, ukanabuka kwa Mponda kapena kwa Makanjira, ndikukayika ngati ukanathera pa maliro. Dmitri akulimbana ndi bambo ake, Fyodor Pavlovich, pa chuma chimene mayi ake anasiya, ndipo akungofuna ma ruble 3,000 kuti nkhani ithe. Posowa wowaweruza, apita kwa Zosima, mmonke wokalamba, n'kukatukwanizana komweko.

Munthu wa kunyanja afunsa msanga: nanga malume ali kuti? Kwa Ayao, monganso kwa Anyanja, bambo ndi mkamwini. Munda ndi ana ndi za mbumba, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Mkamwini wodya za malemu mkazi wake sachedwa kuonetsedwa njira ya kwawo. Komatu m'bukumo malume alimo, Miusov, msuweni wa mayi a Dmitri. Anamutengadi mwanayo ali wamng'ono, kenako n'kumusiya kwa wachibale wina ku Moscow, iye ulendo wa ku Paris. Tsiku la kwa Zosima analipo, koma ngati mlendo wonyansidwa, osati nkhoswe.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Smerdyakov, wakupha Fyodor Pavlovich. Tauni yonse inkanong'ona kuti ndi mwana wa Fyodor, koma iye ankaphikira abale akewo ngati wantchito. Kwathu mwana wapathengo sasowa mudzi, poti kwa mayi ndiko kwawo. Tsoka lake, mayi ake, Lizaveta, anali wamasiye wogona paliponse, ndipo anamwalira pomubereka.

Tisadzitame kwambiri. Khoti linamupatsa Dmitri zaka 20 ku Siberia asanalakwe, chifukwa anali atalengeza kuti adzapha bambo ake. Nafenso munthu akangoti "tionana", mnzakeyo n'kumira mwera utakalipa, mudzi umakhala utagamula kale. Ivan, mng'ono wake wa Dmitri, amene imfayo anangoilakalaka mumtima, palibe bwalo likanamugwira. Chikumbumtima ndicho chinamuzunguza mutu.

Ndiponso mphamvu za malume zikuchepa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo boti ndi chilimira zogula ndi ndalama za ku Joni si munda wa makolo. Pa sadaka, a shehe atangomaliza dua, mpunga usanazizire n'komwe, mwana wa malemu ndi mwana wa mlongo wawo amakhala atayamba kale kufunsana kuti injini igona kwa yani.