Ulendo wa Thumba la Fetereza: Kuchokera ku Fakitale Kufika M'munda

Chaka ndi chaka alangizi a zaulimi amalandira madandaulo awiri kuchokera kwa alimi: fetereza wakwera mtengo, ndiponso wafika mochedwa. Kawirikawiri gwero la mavuto awiriwa silikhala pa depoti kapena m'sitolo ya kwathu, koma pa ulendo wautali umene thumba limayenda lisanafike m'manja mwa mlimi. Cholinga cha kapepala kano ndi kufotokoza ulendowo, kuti alangizi ndi atsogoleri a makalabu adziwe nthawi yoyenera kukonzekera.

Kumene fetereza amachokera

Fetereza wa yuriya, amene timabereketsera chimanga, amapangidwa pogwiritsa ntchito gasi wa pansi pa nthaka. Nchifukwa chake mafakitale ake akuluakulu ali m'maiko a gasi wambiri monga Qatar, Saudi Arabia, Egypt ndi Russia. Mtengo wa gasi ukakwera, wa yuriya nawo umakwera. Izi zidaoneka poyera m'chaka cha 2021, ndipo zinthu zidafika poipa mu 2022 pamene nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine idabuka. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Chipata adaumva ululu wa nkhondoyo m'thumba mwake.

Njira za kunyanja

Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi maiko opanda doko la kunyanja yamchere. Katundu wawo amadzera m'madoko a maiko oyandikana nawo.

Beira, ku Mozambique: katundu wa ku Malawi amayenda pamseu kudzera ku Tete, ndipo wa ku Zimbabwe amalowera ku Mutare.

Nacala, ku Mozambique: doko lakuya limene njanji yake imalowa m'Malawi pa Nayuchi. Njanjiyi idatsegulidwa mu 1970.

Dar es Salaam, ku Tanzania: katundu amadzera ku Mbeya ndi kulowa m'Malawi pa Songwe. Wa ku Zambia amatha kukwera njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, mpaka ku Kapiri Mposhi.

Durban, ku South Africa: doko lalikulu, koma lakutali kuposa onsewa.

Kumene masiku amathera

Sitima ya pamadzi ikafika pa doko imadikira malo okochezapo. Ikakocheza, fetereza amatsitsidwa, ndipo ngati adabwera wosapakira amaikidwa m'matumba a makilogalamu 50. Lole yaikulu imanyamula matani pafupifupi 30, amene ndi matumba 600. Choncho sitima imodzi ya matani 30,000 imafuna maulendo a malole 1,000. Malolewo sapezeka tsiku limodzi, makamaka pamene maiko atatu akufuna fetereza wawo mwezi womwewo. Kutsogolo kuli mizere ya pachipata cha dziko, nkhokwe za m'mizinda, kenaka miseu ya fumbi imene imasanduka matope mvula ikagwa.

Pa malo alionsewa pali wolipidwa: mwini sitima, a padoko, onyamula, mwini lole, mwini nkhokwe ndi banki imene idakongoza ndalama. Woitanitsa amafunikanso ndalama zakunja, ndipo zikasowa ulendo wonse suyamba nkomwe. Zonsezi zimathera pa mtengo wa thumba.

Zimene mbiri itiphunzitsa

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala zopita ku Malawi. Katundu wambiri adayamba kudzera ku Durban, ndipo ndalama zonyamulira zidakwera kwambiri. Pa chilala cha mu 1992, maiko a kuno kum'mwera adagwirizana ndi bungwe la World Food Programme kugawa chimanga chochokera kunja m'madoko osiyanasiyana, m'malo mopanikiza doko limodzi, ndipo njala yoopsa idapewedwa. M'mwezi wa Marichi 2019 namondwe Idai adaononga mzinda wa Beira ndi kudula mseu waukulu wochokera kumeneko.

Chitsanzo china ndi cha fetereza wokwana matani 20,000 amene kampani ina ya ku Russia idapereka ku Malawi. Sitima idanyamuka ku Netherlands kumapeto kwa Novembala 2022 ndi kutsitsa katundu ku Beira, koma mwambo wopereka feterezayo udachitika m'Marichi 2023, chimanga cha alimi ambiri chitamasula kale.

Phunziro nlakuti dziko lisadalire njira imodzi, ndipo fetereza aitanitsidwe pakadali miyezi ingapo mvula isanagwe.

Chimanga sichidikira

Fetereza wokulitsa, monga 23:21:0+4S, amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa amathiridwa patatha masabata atatu kapena anai chimerereni. Nthawi imeneyi ikadutsa, chimanga chimakhala chitapinimbira kale, ndipo ngakhale mlimi athire mlingo wokwanira sangapeze zokolola zimene akadapeza. Thumba lofika mochedwa mtengo wake ndi womwewo, koma phindu lake nlochepa.

Zoyenera kuchita

1. Gulani fetereza mukangogulitsa zokolola, pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndalama zisanathere kwina ndiponso miseu ikadali youma.

2. Gulani pagulu kudzera m'kalabu. Mutu umodzi susenza denga: alimi makumi atatu akabwereka galimoto imodzi, aliyense amalipira zochepa.

3. Sungani matumba m'nyumba yosadontha, pamwamba pa mitengo kapena matabwa, osagunda khoma. Yuriya amakoka chinyontho ndi kuundana, choncho musatsegule thumba tsiku lothira lisanakwane.

4. Pogula yang'anani ngati thumba nlosokedwa bwino, ndipo liyezeni pa sikelo ngati mukukaika.

5. Konzani manyowa, ndipo bzalani nandolo, mtedza kapena soya mwa kasinthasintha ndi chimanga. Mbeuzi zimaonjezera chonde m'nthaka, motero munda sugwa mphwayi chaka chimene sitima yachedwa.

Alangizi akupemphedwa kulemba matumba amene makalabu a m'dera lawo adzafune ndi kupereka chiwerengerocho kwa ogulitsa nthawi yokolola isanathe, pakuti woitanitsa sangaitanitse chimene sakuchidziwa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Momwemonso fetereza wanu ndi amene ali m'nyumba mwanu mvula yoyamba isanagwe, osati amene akadali panyanja.