LAMULO LA KATEMERA PA NTCHITO ZA BOMA: ZOMWE ZIDACHITIKA KU NEW YORK

Mu Febuluwale 2022 anthu 1,430 ogwira ntchito za boma mu mzinda wa New York ku America adachotsedwa ntchito nthawi imodzi. Anthuwa sadabe ndalama, sadaledzere pa ntchito, ndiponso sadachite mwano kwa akuluakulu awo. Chifukwa chake chidali chimodzi chokha: sadabayitse katemera wa Covid-19 monga lamulo la mzindawo lidanenera. Mwa iwo 914 adali a ku nthambi ya maphunziro, ndipo ena adali apolisi, ozimitsa moto ndi otola zinyalala.

Nkhani imeneyi ili ndi mafunso awiri amene anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti, kodi boma lili ndi mphamvu youza wantchito wake kuti abayitse katemera apo ayi ntchito yatha? Lachiwiri ndi lakuti, ngati wantchitoyo akukana chifukwa cha chikhulupiriro chake, kodi ayenera kumvedwa motani asanalandidwe mchere wa ana ake? Pa funso loyamba mzinda wa New York udapambana m'makhoti. Pa lachiwiri udapunthwa. Tiyeni tione mmene zidayendera.

Mmene lamuloli lidayambira

Mliri wa Covid-19 udasautsa mzinda wa New York kwambiri. Pofika Juni 2020 anthu opitirira 20,000 adali atamwalira, ndipo zipatala zina zidafika posunga mitembo m'magalimoto okhala ndi mafiriji chifukwa nyumba zachisoni zidadzaza. Sukulu zidatsekedwa ndipo ana ankaphunzirira kunyumba pa kompyuta. M'chaka cha 2021 akuluakulu a mzinda adafuna kuti ana onse, amene adali pafupifupi miliyoni imodzi, abwerere m'makalasi. Vuto lidali lakuti nthawi imeneyo ana osakwana zaka 12 sankaloledwa kulandira katemera, pamene mtundu wa kachilombo wotchedwa Delta unkafala msanga.

Choncho pa 23 Ogasiti 2021 mfumu ya mzindawo, a Bill de Blasio, idalengeza kuti onse ogwira ntchito m'sukulu za boma, anthu pafupifupi 148,000, ayenera kubayitsa katemera. Lamuloli lidakhudza aphunzitsi, aphunzitsi aakulu, ophika ndi osesa omwe. Lidayamba kugwira ntchito pa 4 Okutobala, ndipo pofika tsikulo anthu pafupifupi 95 pa 100 aliwonse adali atabayitsa. Mwezi womwewo lamulolo lidafalikira kwa antchito ena onse a mzinda.

Kodi boma lili nayo mphamvu yotere?

Ku America funso limeneli ndi lakale. M'chaka cha 1902 mu mzinda wa Cambridge mudagwa mliri wa nthomba, ndipo akuluakulu adalamula kuti aliyense atemeredwe. M'busa wina, a Henning Jacobson, adakana ndipo adalipitsidwa chindapusa cha madola 5. Mlanduwo udafika ku Khoti Lalikulu la dzikolo, limene mu 1905 lidagamula kuti ufulu wa munthu mmodzi uli ndi malire pamene moyo wa anthu onse uli pa chiswe. Chigamulo chimenechi ndicho oweruza ambiri adatsamira pa nthawi ya Covid-19.

Pamwamba pa izi, boma likakhala bwana wolemba ntchito limakhala ndi mphamvu yoika zofunika kuti munthu akhale pa ntchitoyo, monga momwe limafunira kuti dalaivala akhale ndi laisensi. Komabe lamulo lina la dzikolo, la mu 1964, limati bwana ayenera kuyesetsa kupezera njira wantchito amene chipembedzo chake chikuwombana ndi zofunika pa ntchito, pokhapokha ngati kutero kungabweretse chipsinjo chachikulu pa ntchitoyo. Apa ndi pamene padagona nkhani.

Khomo lopapatiza

Lamulo la a de Blasio litangotuluka silidanene kanthu za anthu odwala kapena okana chifukwa cha chipembedzo. Bungwe la aphunzitsi la United Federation of Teachers lidadandaula, ndipo nkhaniyo idapita kwa mkhalapakati, a Martin Scheinman. Pa 10 Sepitembala 2021 iwo adakhazikitsa ndondomeko yoti itsatidwe. Wofuna kuti lamulo lisamukhudze ankayenera kutumiza pempho lake pa intaneti pofika pa 20 Sepitembala, pamodzi ndi kalata yochokera kwa mtsogoleri wa chipembedzo chake. Ndondomekoyo idanenanso kuti pempho likanidwe ngati mkulu wa chipembedzo cha munthuyo adayankhulapo poyera zolimbikitsa katemera, kapena ngati chifukwa chake chili cha maganizo a iye mwini kapena cha ndale.

Wokanidwa ankapatsidwa tsiku limodzi lokha la sukulu kuti achite apilo. Mkhalapakati womva apiloyo adali ndi ufulu wongowerenga mapepala n'kugamula, kapena kuitana munthuyo kuti amumve mwachangu pa kompyuta. Akalephera pamenepo, munthuyo ankapita ku tchuthi chopanda malipiro.

Mlandu wa pa kompyuta

Tonse tikudziwa mmene mlandu umazengedwera pa bwalo la mfumu. Wodandaula ndi woyankha amakhala pamaso pa anthu, ankhoswe ali pambali, ndipo aliyense amafunsidwa mafunso mpaka chilungamo chioneke. Milandu ya ku New York ija idali yosiyana ndi zimenezi. Mphunzitsi ankakhala kunyumba kwake kutsogolo kwa kompyuta kapena foni, mkhalapakati ali kwina, woimira nthambi ya maphunziro alinso kwina, onse akuonana pa Zoom. Mbali iliyonse inkanena mawu ochepa oyamba, mkhalapakati n'kufunsa mafunso ake, kenaka mawu ochepa otsekera, basi. Mbali ziwirizo sizinkaloledwa kufunsana mafunso, ndipo chigamulo chinkabwera popanda kulongosola zifukwa mwatsatanetsatane.

Tisafulumire kunyoza njira yomvera milandu patali, chifukwa ili ndi ubwino wake. Pa nthawi ya mliri idathandiza kuti anthu asaunjikane m'chipinda chimodzi. Imapulumutsa ndalama zoyendera, imathandiza odwala ndi olumala, ndipo milandu yambiri imatha pa nthawi yochepa. Kukadapanda njirayi, maofesi ambiri omva madandaulo akadatsekedwa kwa miyezi, anthu n'kumangodikira.

Komatu ili ndi zovuta zakenso. Pa kompyuta woweruza amaona nkhope ndi mapewa okha. Intaneti ikavuta mawu amaduka, ndipo munthu amaoneka ngati akuzengereza kuyankha pamene vuto ndi la makina. Wosazolowera kompyuta amasokonezeka, ndipo womuthandiza sakhala pambali pake kuti amunong'oneze kapena kumulimbitsa mtima. Kuti zimenezi si nkhambakamwa chabe tikuona pa zomwe zidachitika ku Cook County, dera limene kuli mzinda wa Chicago. Kumeneko mu 1999 makhoti adayamba kumva zopempha belo kudzera pa kanema, womangidwa ali ku ndende. Akatswiri a pa yunivesite ya Northwestern atafufuza adapeza kuti ndalama za belo pa milandu yomvedwa motere zidakwera ndi 51 pa 100 iliyonse, pamene pa milandu imene inkamvedwabe maso ndi maso sizidasinthe kwenikweni.

Tsono taganizirani funso limene mkhalapakati wa ku New York ankayenera kuyankha. Silidali funso la masamu kapena la chikalata chosowa. Lidali lakuti, kodi munthu uyu akukhulupiriradi zimene akunenazi, kapena akungobisala kumbuyo kwa chipembedzo? Limeneli ndi funso la mumtima. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa kudekhako kudasowa.

Dzina la Apapa litchulidwa

Mbali iyi ikutikhudza ife Akatolika. Anthu ena ankakana katemera chifukwa popanga kapena poyesa ena mwa makatemerawa akatswiri adagwiritsa ntchito maselo amene chiyambi chake ndi ana ochotsedwa m'mimba m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Pa 21 Disembala 2020 nthambi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro idalongosola kuti pamene palibe katemera wina, Mkhristu angathe kulandira makatemerawa ndi chikumbumtima choyera. Apapa Francis adabayitsa mu Januwale 2021, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho adalimbikitsa anthu kubayitsa ngati njira yoonetsera chikondi kwa anzawo. Arkidayosizi ya New York nayo idauza ansembe ake mu Julayi 2021 kuti asamalembe makalata opempha kuti Mkhristu apatulidwe pa lamulo la katemera.

Koma chikalata cha ku Vatican chija chidanenanso mfundo ina imene ambiri adaiphonya. Chidati kawirikawiri kubayitsa katemera si udindo wokakamiza pa chikumbumtima, choncho kuyenera kukhala kodzifunira, ndipo amene akukana ayenera kuyesetsa mwa njira zina kuti asapatsire anzawo matenda, makamaka ofooka. Ndiye kuti Mpingo udalimbikitsa katemera popanda kufafaniza chikumbumtima cha munthu payekha.

Ndondomeko ya ku New York idatenga theka loyamba n'kusiya lachiwiri. Malinga ndi mawu ake, Mkatolika aliyense adali wokanidwa kale asanatsekule pakamwa, popeza Apapa adali atayankhula. Ena mwa odandaula adauza khoti kuti oimira nthambi ya maphunziro ankatchula Apapa ngakhale kwa anthu amene sadali Akatolika n'komwe.

Chigamulo cha khoti la apilo

Aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu 15 adakasuma, ndipo mlanduwo umadziwika ndi dzina lakuti Kane v. de Blasio. Pa 28 Novembala 2021 khoti la apilo lidapereka chigamulo cha mbali ziwiri. Poyamba lidati lamulo la katemeralo palokha silinkasala chipembedzo chilichonse, chifukwa linkakhudza antchito onse mofanana ndipo cholinga chake chidali kuteteza ana. Kachiwiri lidati ndondomeko yomvera zopempha ija inkaoneka kuti ikuphwanya ufulu wa chipembedzo. Si ntchito ya boma kuuza munthu kuti akulakwitsa kumva chipembedzo chake chifukwa mtsogoleri wake akuganiza mosiyana naye. Chimene boma lingafufuze ndi chakuti kaya munthuyo akukhulupirira moona mtima kapena ayi. Maloya a mzinda nawo adavomera kuti ndondomekoyo idali yokayikitsa. Khoti lidalamula kuti zopempha za anthuwo ziunikidwenso ndi gulu lina, motsata lamulo la mu 1964 lija.

Kuunikanso kumeneku sikudatanthauze kuti onse apambana. Ambiri adakanidwanso, mzinda ukunena kuti mphunzitsi wa m'kalasi sangagwire ntchito yake ali kutali ndi ana, ndipo kumulembera wina womulowa m'malo ndi chipsinjo chachikulu.

Mlandu suola

A Eric Adams adalowa pa mpando wa mfumu ya mzinda mu Januwale 2022, ndipo mwezi wotsatira ndi pamene anthu 1,430 aja adachotsedwa. Mu Malichi a Adams adamasula akatswiri a masewera ndi oimba pa lamulo lina lofanana nalo lokhudza makampani. Zimenezi zidawawa ambiri. Mu Okutobala 2022 woweruza Ralph Porzio wa ku Staten Island adagamula mokomera otola zinyalala 16, ponena kuti panalibe nzeru kumasula ena n'kumanga ena pa matenda amodzimodzi. Pajatu liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma mzinda udachita apilo, kotero anthuwo sadabwerere ku ntchito nthawi yomweyo.

Lamulo la katemera kwa antchito a mzinda lidathetsedwa pa 10 Febuluwale 2023. Pofika nthawiyo antchito 96 pa 100 aliwonse adali atabayitsa, ndipo pafupifupi 1,780 adali atachotsedwa. Iwowa adauzidwa nthawi imeneyo kuti angathe kufunsiranso ntchito ngati wina aliyense. Mu 2024 khoti lalikulu la chigawo cha New York lidagamulanso mfundo ina yofunika. Aphunzitsi okhazikika pa ntchito ankati adayenera kuzengedwa mlandu wonse monga amachitira ndi mphunzitsi woganiziridwa kuti walakwa. Khoti lidakana, ponena kuti iwo sadapatsidwe chilango cha kulakwa, koma adalephera kukwaniritsa chinthu chofunika pa ntchito. Kusiyanitsa kumeneku kumamveka kwa loya, koma kwa banja limene malipiro aleka kubwera njala yake ndi imodzimodzi.

Tiphunzirepo chiyani?

Katemera adapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo akuluakulu a mzinda umene udaika maliro ochuluka chotere sitingawadzudzule chifukwa chofuna kuteteza ana. Kompyuta nayo payokha siidali mdani, chifukwa mlandu ungathe kumvedwa bwino patali ngati munthu wapatsidwa nthawi yokonzekera, womuthandiza, mwayi wofunsa womutsutsa, ndi zifukwa zolembedwa za chigamulo. Cholakwika ku New York chidali chakuti liwiro la makina lidakumana ndi muyeso wokhota, ndipo yankho lidali lokonzeka munthu asanayankhule.

Kwathu kuno malamulo aakulu a dziko la Malawi, pa ndime 43, amapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu a boma pogamula nkhani yomukhudza atsate njira yachilungamo ndiponso amupatse zifukwa mochita kulemba. Ambiri mwa makolo athu ndi aphunzitsi, anamwino ndi alembi m'boma, choncho ndi bwino adziwe ufulu umenewu. Ndipo ife anyamata amene tikuphunzira pano, ena tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi aakulu, ena oweruza. Tsiku lina munthu adzaima pamaso pathu, kaya m'ofesi kaya pa kompyuta, ntchito yake ili m'manja mwathu. Ngakhale tidzakhale otsimikiza kuti lamulo lili kumbali yathu, tidzayambe tamumvetsera mpaka amalize, kenaka tidzamuuze momveka chifukwa chimene tagamulira motero.