Dzina la mwana kwa Kadewere

Mwamwambo, mwana wobadwa kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu satchedwa dzina tsiku lomwelo. Mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku onsewo anthu amangoti kwabwera mlendo. Akatuluka m'pamene agogo, azakhali kapena bambo amatchula dzina. Wotcha dzinayo sabwera chimanjamanja. Kandalama, sopo kapena kamalaya kamayenera kuoneka. Kumakomo a Ayao achisilamu amadikira tsiku lachisanu ndi chiwiri, shehe n'kupemphera, mwana n'kukhala Yusufu kapena Mariamu.

Mtundu wa Akan ku Ghana nawo umadikira, kufikira tsiku lachisanu ndi chitatu, koma dzina loyamba mwana amabadwa nalo. Mnyamata wa Lachisanu ndi Kofi, wa Loweruka ndi Kwame, mtsikana wa Lamulungu ndi Akosua. Ukangomva Kofi Annan kapena Kwame Nkrumah, tsiku walidziwa.

Kwathu kuno dzina silinena tsiku. Limanena zomwe zinali pakhomo. Mavuto anabadwa chaka chowawa, mwina cha njala ngati 2002. Ndaziona ndi mwana wa mayi amene anaika ana angapo m'manda. Mayina ena ndi mkangano weniweni: mpongozi akatcha mdzukulu Tiyanjane kapena Nditani, mkamwini wapachikamwini amadziwa kuti akunenedwa ndi iye, koma sangayankhe, chifukwa dzinalo azilitchula yekha m'mawa uliwonse. Ine ndimawamvera chisoni ana osenza milandu ya akuluakulu, komabe mayina amenewa amakamba zoona kuposa a Precious ndi a Blessings amene adzaza m'masukulu lero.

Dzina laukhanda silinkakhalitsanso. Mnyamata pochokera ku jando ankabwera ndi latsopano, ndipo kumuitana lakale kunali chipongwe. Mkazi akabereka amasanduka amake Chikondi. Ayao amaika Che patsogolo, wamkazi n'kumamuti Abiti uje, potengera bambo ake.

Chasintha zinthu ndi cholembera. Amayi ambiri tsopano amachirira kuchipatala, ndipo kuyambira 2015 lamulo likuti mwana aliyense alembedwe m'kaundula wa National Registration Bureau. Fomu imafuna dzina, buku la kusikelo nalo limafuna dzina. Choncho makolo achinyamata amasankhiratu mimba isanache, ena pa WhatsApp ndi bambo ali ku Joni. Agogo amatchabe lawo mchombo ukagwa, ndipo kumudzi ndi lomwelo limamveka, ngakhale pachitupa palembedwa lina.